Za Mvula ya ku Iponga ndi Nyanja za Kutari

Ife a ku Iponga, olima mpunga pafupi ndi mtsinje wa Songwe, tidziwa kuti mvula idza ndi mphepo. Koma cimene ciongolera mphepozo ciri kutari, ndipo anthu anacedwa kucizindikira.

Caka ca 1877 ndi ca 1899 mvula inakana ku India, ndipo anthu osawerengeka anafa ndi njala. Pambuyo pace, mu 1904, anaika Gilbert Walker akhale mkulu wa oyesa nyengo m'dzikomo. Iyeyu anasanthula zolembedwa za maiko ambiri, napeza kuti mpweya wa pa nyanja ya Pacific ndi wa pa nyanja ya India ucita monga mbale za muyeso: uku ukalemera, uko upepuka. Gwero lace analongosola ndi Jacob Bjerknes mu 1969. Zaka zina madzi a Pacific a kufupi ndi Peru afunda kopambana. Nthunzi ikwera pomwepo, mitambo iunjikana, ndipo mphepo zonyamula mvula zipatuka m'njira zao, kufikira ku India ndi kuno kwathu. Asodzi a ku Peru anacha madzi ofundawo El Niño, ndiko kunena Mwana, popeza afika pa nyengo ya Krisimasi.

Koma taonani, abale, El Niño sagawa mofanana. Mu 1992, mu 2016 ndi mu 2024 cimanga cinafota ku Cigawo ca Kummwera, ndipo mu 2024 Boma linalengeza tsoka m'maboma 23 mwa 28. Cinkana kunatero, mu 2016 ndi mu 2024 madzi anasefukira kuno ku Karonga, nagwetsa nyumba, namiza minda. Pakuti ife tikhala pamalire: kawiri kawiri nyengo yathu itsata ya ku Tanzania, kumene mvula icuruka pamene nyanja ya India ifunda ca ku mbali ya Afrika, monga kunacitika mu 1997.

Cifukwa cace tikamva pa wailesi kuti El Niño alinkudza, tisafulumire kunena kuti kudzakhala cirala. Tifunse alangizi za dera lathu lino. Akulu anati, walira mvula walira matope. Tikumbe ngalande mvula isanagwe, tisamange nyumba m'mphepete mwa Songwe, ndipo mbeu tizisunge pokwera. Ndipo caka cotere tikadzaza nkhokwe ndi mpunga, tikumbukire abale athu a ku Nsanje ndi Balaka, amene nyanja yomweyo yawamana mvula.