Kuteteza Ana M'midzi: Gawo la Eni Mudzi ndi Gawo la Boma

Makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ku Likuni, Mitundu ndi Nathenje amakumana kawirikawiri ndi funso ili: mwana akatsala wamasiye, akamazunzidwa, kapena akakwatiwitsidwa ali wamng'ono, ayenera kuyamba kuchitapo kanthu ndani? Malamulo a dziko lino amasiya gawo lalikulu la ntchitoyi m'manja mwa eni mudzi, ndipo boma limabwera ngati mthandizi.

Pa chikhalidwe cha Achewa mwana ndi wa mbumba. Makolo akamwalira, mwini mbumba, amene nthawi zambiri amakhala malume, ndiye amaona kumene mwanayo akakhale, ndipo nkhani ikakula imapita kwa nyakwawa. Pamene Edzi inachulukitsa ana amasiye, boma linatulutsa ndondomeko ya mu 1992 yomwe inatsamira pa mwambo womwewu: mwana aleredwe ndi abale ake m'mudzi mwake, ndipo nyumba zosungirako ana amasiye zikhale pothawira pomaliza.

Mayiko ena anaphunzira mfundo imeneyi mowawa. Ku Australia, kwa zaka zambiri mpaka cha m'ma 1970, boma linkalanda ana a eni nthaka otchedwa Aborijini n'kuwapereka kwa mabanja a azungu kapena ku nyumba zolerera ana, zina mwa izo zoyendetsedwa ndi mipingo. Ambiri anakula osadziwa chilankhulo chawo ngakhale amayi awo. Lipoti la mu 1997 linaulula kukula kwa zoipazi, ndipo pa 13 February 2008 nduna yaikulu Kevin Rudd inapepesa m'nyumba ya malamulo. Lero lamulo la kumeneko limati mwana wa Chiaborijini wochotsedwa kwa makolo ake ayambe wafunidwira malo pakati pa abale ake, ndipo boma limapereka ndalama ku mabungwe oyendetsedwa ndi Aborijini eni ake.

Kuno kwathu lamulo lalikulu ndi la mu 2010 loona za kusamalira, kuteteza ndi kuweruza ana. Limaletsa kuba ndi kugulitsa ana, kuwakakamiza ukwati, kuwapereka ngati chikole cha ngongole ndiponso kuwachitira miyambo yowononga thanzi lawo. Limapatsa makhonsolo udindo woyang'anira ana a m'madera mwawo, ndipo munthu wa m'mudzi amene waona mwana akuzunzidwa ayenera kukanena. Mu 2015 lamulo la maukwati linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, koma malamulo aakulu a dziko ankalolabe wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Mpata umenewu unatsekedwa mu 2017. Katekisiti wolemba maina a ofuna ukwati asaiwale zimenezi: chilolezo cha makolo kapena cha ankhoswa sichisinthanso kanthu.

Lamulo lolembedwa ku Lilongwe limagwira ntchito pamene mfumu yalitenga ngati lake. Chitsanzo chodziwika chili kwa anansi athu a ku Dedza. Inkosi Theresa Kachindamoto, amene analowa ufumu mu 2003 ndipo anamwalira mu 2025, anagwirizana ndi mafumu awo aang'ono pa malamulo a m'midzi oletsa maukwati a ana, n'kuimitsa pa udindo nyakwawa zimene zinkalekerera. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati oposa 800, ndipo ana ambiri anabwerera kusukulu. Mphamvu yawo inali yakuti ankalankhula ngati mwini mwambo, kotero panalibe wonena kuti izi n'zachilendo.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku imagwiridwa ndi anthu osatchuka. Sukulu za mkombaphala, zomwe boma limazitcha za mmera mpoyamba, zimamangidwa ndi mudzi, chakudya chimasonkhedwa ndi makolo, ndipo alezi ambiri ndi ongodzipereka. Palinso makomiti oteteza ana, magulu a amayi oyang'anira atsikana pasukulu, ndi alangizi oteteza ana amene amalumikiza mudzi ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo.

Apa m'pamene sitingabise maganizo athu. Boma linachita bwino kuzindikira kuti mudzi ndiwo udziwa ana ake, koma kupereka udindo kopanda chuma n'kusenzetsa osauka katundu. Taonani Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, ndi kangachepe kowonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu. Inayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo inafika m'maboma onse 28 mu 2018. Yathandiza agogo ambiri olera zidzukulu, komabe kwa zaka zambiri boma lathu linkalipira ndi ndalama zake dera la Thyolo lokha. Kwina konse ankalipira ndi Germany, Ireland, European Union ndi World Bank. Thandizo lodalira abwenzi akunja lingachepe tsiku lililonse, ndipo mlezi wosalipidwa amasiya ana nthawi ya dzinja kuti akalime munda wake.

Mudzi nawonso uli ndi malire. Nthawi zina wozunza mwana amakhala malume yemweyo kapena bambo womupeza, ndipo abale amafuna kukambirana zapachiweniweni kuti banja lisachite manyazi. Kugona ndi mwana ndi mlandu wa kukhoti. Mfumu, ankhoswa, katekisiti ngakhale wansembe alibe mphamvu yothetsa mlandu wotere ndi chindapusa cha mbuzi. Mwana apite kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala oteteza ku kachirombo ka HIV, ndipo nkhaniyo ikanenedwe ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa kapena kwa mlangizi woteteza ana. Ku chipatala chachikulu cha Kamuzu kuli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene adokotala, apolisi ndi alangizi amathandizira pamodzi. Amene akuopa kuonekera angathe kuimba lamya yaulere pa nambala 116.