Kachulukitsidwe ka maluwa a rozi pobzala nthambi zodula

Rozi ndi kamtengo kaminga komwe kamabzalidwa pakhomo chifukwa cha kukongola ndi fungo la maluwa ake. M'makomo ambiri a ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe, mitengo ya rozi imapezeka m'mbali mwa mipanda ya njerwa ndi panjira yolowera m'nyumba, ndipo mbande zake zimagulitsidwa m'machubu m'mphepete mwa misewu ya mumzindawu. Komabe munthu amene ali ndi mtengo umodzi wathanzi, kapena amene mnansi wake wamulola kudulako nthambi, sayenera kugula mbande chaka ndi chaka. Rozi amamera kuchokera ku nthambi yodula, monga momwe chimamerera chinangwa kapena nzimbe.

Kusiyana kwake n'kwakuti mtengo wa chinangwa ndi wonenepa ndipo umasunga madzi ndi chakudya chambiri, pomwe nthambi ya rozi ndi yopyapyala. Ikakhala padzuwa imauma msanga, ndipo ikakhala m'dothi lodikha madzi imawola. Luso lonse lagona pa kuisunga yamoyo pakati pa zoopsa ziwirizi kwa milungu yomwe ilibe mizu.

Chifukwa chobzalira nthambi osati njere

Duwa la rozi likafota limasiya kachipatso komwe kamakhala ndi njere, koma njerezo sizibereka mtengo wofanana ndi mayi wake. Mitundu yambiri ya rozi yomwe ili m'makomo lero ndi ya haibulidi, yopangidwa pokwatitsa mitundu yosiyanasiyana. Mtundu wotchedwa La France, womwe Jean-Baptiste Guillot wa ku France adatulutsa m'chaka cha 1867, ndiwo umawerengedwa kuti ndi woyamba pa gulu la maluwa akuluakulu otchedwa hybrid tea. Wina wodziwika kwambiri kummwera kwa Africa kuno ndi Iceberg, wa maluwa oyera obwera m'magulu, womwe kampani ya Kordes ya ku Germany idatulutsa m'chaka cha 1958.

Mlimi aliyense wa chimanga amadziwa kuti mbewu ya haibulidi saibwereza, chifukwa zokolola zachiwiri sizifanana ndi zoyamba. Ndi mmenenso zilili ndi rozi. Nthambi yodula ndi chiwalo cha mtengo womwewo, choncho imabereka duwa la mtundu, kukula ndi fungo lofanana ndi la komwe yachokera. N'chifukwa chake banja lingathe kusunga rozi yemwe adabzalidwa ndi kholo lawo kumudzi kapena kunyumba yomwe adasamukako, pongotenga nthambi zochepa.

Nyengo yoyenera ku Lilongwe

Lilongwe ali pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,050, ndipo chaka chake chimagawika patatu: dzinja kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka Epulo, nyengo yozizira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndi nyengo yotentha kuyambira Sepitembala mpaka mvula itayamba.

Nthawi yoyamba yabwino ndi Epulo ndi Meyi, mvula ikamatha. Mitengo imakhala ndi nthambi zatsopano zomwe zangokhwima, dzuwa silikhala laukali, ndipo nthaka imakhala idakali yofunda. Mizu imatuluka pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi itatu.

Nthawi yachiwiri ndi Julayi, pomwe mitengo ya rozi imaduliridwa. Nthambi zomwe zikadatayidwa kudzala zimasanduka mbewu yaulere. Popeza ndi zokhwima kwambiri ndipo usiku kumazizira, zimachedwa kutulutsa mizu, mwina mpaka miyezi iwiri kapena itatu, koma siziwola wamba.

Okutobala ndi mwezi wovuta. Kutentha kumafika madigiri 30 kapena kuposerapo, mpweya umakhala wouma, ndipo nthambi yopanda mizu imatha kuuma tsiku limodzi. Januwale ndi Febuluwale nawo ali ndi vuto lawo, chifukwa mvula yamvumbi imanyowetsa dothi mopitirira ndipo nkhungu imafala.

Kusankha ndi kudula nthambi

Nthambi yabwino ndi yowongoka, yonenepa ngati pensulo, yomwe duwa lake langofota kumene. Yanthete kwambiri imafota isanachite kanthu, ndipo yokalamba, ya khungwa lotuwa, imachedwa kutulutsa mizu. Chizindikiro chomwe olima maluwa amadalira ndi minga: ikamathyoka mosavuta poikankhira pambali ndi chala, nthambiyo yafika pofunikira. Mtengo wodulako ukhale wopanda mawanga m'masamba ndi wopanda nsabwe, ndipo uthiriridwe madzulo a tsiku loti mawa lake udulidwa.

Pali msampha umodzi woyenera kuupewa. Mbande zambiri zogula zimakhala zomezanitsa: kumtunda kuli rozi wokongola, kumunsi kuli tsinde la rozi wina wolimba yemwe ntchito yake ndi kupereka mizu. Polumikizirapo pamaoneka chotupa pafupi ndi nthaka. Mphukira zotuluka kunsi kwa chotupacho ndi za tsinde lija, ndipo ngakhale zimamera mosavuta, maluwa ake sakhala omwe mwini wake amafuna. Nthambi yobzala idulidwe kumtunda kwa chotupacho.

Kudula kuchitike m'mawa dzuwa lisanakwere, ndi sizasi yodulira maluwa kapena mpeni wakuthwa wopukutidwa ndi spiriti. Mpeni wobuntha umaphwanya khungwa, ndipo pophwanyikapo ndi pomwe kuwola kumayambira. Kanthambi kalikonse katalike masentimita 15 mpaka 20 ndipo kakhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Mfundo ndi pomwe tsamba limagwirira nthambi, ndipo pamenepo pamakhala diso lomwe limaphuka. Kumunsi kudulidwe pansi penipeni pa mfundo, popeza m'pamene mizu imatuluka mosavuta. Kumtunda kudulidwe mopendeketsa pamwamba pa diso, kuti madzi asakhalepo komanso kuti wobzala asasokoneze kumutu ndi kumunsi. Nthambi yobzalidwa chozondoka simera.

Duwa lofota ndi masamba onse akumunsi achotsedwe, kutsale masamba awiri okha akumtunda. Masamba ndiwo amataya madzi, koma ndiwonso amapanga chakudya, choncho ochepa amafunika. Nthambi zokhwima za mu Julayi zingathe kubzalidwa zopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Zikangodulidwa ziikidwe m'chidebe cha madzi kapena zikulungidwe m'nyuzipepala yonyowa, makamaka ngati zikuchokera kutali, ndipo zibzalidwe tsiku lomwelo.

Dothi ndi chobzalamo

Dothi lofala ku Lilongwe ndi katondo wofiira, ndipo m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje monga Lingadzi mumapezeka makande. Onse awiriwa amagwirana akanyowa ndipo amatseka mpweya. Rozi wamkulu amakula bwino mu katondo wothira manyowa, koma nthambi yopanda mizu imafuna malo otayirira. Chosakaniza chabwino ndi magawo awiri a mchenga wokhakhala wa kumtsinje, wonga womangira nyumba, ndi gawo limodzi la kompositi wowola bwino kapena dothi lakuda la pansi pa mitengo. Manyowa aawisi a nkhuku kapena a ng'ombe komanso feteleza asayandikire, chifukwa amawotcha tsinde.

Machubu a pulasitiki akuda omwe amagwiritsidwa ntchito kunazale ya mitengo ndi okwanira. Mapaketi a shuga, zitini ndi ndowa zakale zimathandizanso, malinga zitabooledwa kunsi kuti madzi azituluka.

M'masitolo a zipangizo za ulimi mumapezeka ufa wothandiza kutulutsa mizu, womwe mankhwala ake amatchedwa IBA. Kumunsi kwa nthambi kumanyowetsedwa, n'kuviikidwa mu ufawo, kenako n'kukung'unthidwa kuti kutsale wochepa. Ufawu umachulukitsa nthambi zogwira, koma mitundu yosavuta monga Iceberg ndi rozi woyanga imamera ngakhale popanda ufawo. Njira yomwe imazungulira pa Facebook ndi WhatsApp, yobaya nthambi mu mbatatesi n'kuikwirira, si yodalirika: kawirikawiri mbatatesiyo imawola pamodzi ndi nthambi, apo ayi imamera yokha.

Kubzala ndi kusamalira

Dzenje libooledwe ndi kamtengo, kuti khungwa lisasupuke ndipo ufa usapukutike polowetsa nthambi. Theka la nthambiyo kapena kuposerapo pang'ono likwiririke, mfundo ziwiri zikhale pansi, ndipo dothi litsenderedwe ndi zala. Pambuyo pake pathiridwe madzi mpaka atulukire kunsi.

Chotsatira ndicho chimapulumutsa nthambi zambiri. Botolo la pulasitiki loonekera mkati la malita awiri, longa la Sobo, lidulidwe kunsi n'kuvundikira nthambiyo. Mkati mwake mumakhala chinyezi, choncho masamba sataya madzi. Chitsekero chichotsedwe masana kukatentha kuti mpweya uzilowa. Machubuwo aikidwe pamthunzi wowala, monga pansi pa mtengo wa mango kapena kuseri kwa nyumba komwe kumafika dzuwa la m'mawa lokha. Botolo likakhala padzuwa la masana limaphika nthambi. Mpanda wa njerwa womwe umawombedwa ndi dzuwa la madzulo umasunga kutentha, ndipo si malo abwino. Komwe kuli chiswe, machubu akhale pathandala kapena pa njerwa, osati pa dothi.

Kuthirira kopitirira kumapha nthambi zambiri kuposa chilala. Dothi likhale lonyowa ngati nsalu yofinya. Wosamalira alowetse chala: ngati mkati mudakali chinyezi, madzi adikire. Pansi pa botolo, kuthirira kawiri pa mlungu kumakwanira m'nyengo yozizira, choncho machubu makumi awiri sangakweze bilu ya madzi. Madzi otsukira mbale kapena ochapira, okhala ndi sopo, asagwiritsidwe ntchito.

Kudziwa ngati yagwira

Apa m'pomwe ambiri amanyengeka. Pakatha milungu iwiri, maso amatha kuphuka n'kutulutsa timasamba tofiirira, ndipo mwini wake amayesa kuti yagwira. Nthawi zambiri timasambato timakhala tikudya chakudya chomwe chidasungidwa m'nthambi, mizu isanatuluke. Amene avundukula botolo kapena kuokera pa nthawiyi amaona timasambato tikufota pakangopita masiku ochepa.

Pansi pa dothi, chilonda cha podulidwa chimayamba chatupa n'kupanga chinthu choyera chonga chipsera, ndipo mizu imabwera pambuyo pake. Kuzula nthambi kuti aone kumadula timizu tomwe tangoyamba. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha milungu isanu ndi umodzi, nthambi ikokedwe pang'ono kwambiri: ikakana, ndiye kuti mizu ilipo. Chizindikiro china ndi mizu yoyera yosuzumira m'mabowo a kunsi kwa chubu.

Nthambi yomwe ikuda kuyambira kumunsi yawola chifukwa cha madzi ochuluka, ndipo ichotsedwe isanapatsire zinzake. Yomwe yakwinyika n'kusanduka yotuwa kuyambira kumtunda yauma. Ngakhale kwa akatswiri, si zonse zomwe zimagwira, choncho wofuna mitengo isanu abzale nthambi khumi kapena kuposerapo. Maluwa ogula a paukwati kapena pachinkhoswe ndiwo amavuta kwambiri, popeza amakhala atadulidwa kalekale, ndipo ambiri ndi a mitundu yolimidwa m'mashedi a malonda, monga a ku Naivasha m'dziko la Kenya, komwe amaimezanitsa pa tsinde lina.

Kuokera

Mizu ikatsimikizika, botolo lichotsedwe pang'onopang'ono: maola ochepa tsiku loyamba, kuwonjezera tsiku ndi tsiku kwa mlungu wathunthu. Kenako mbande izolowetsedwe dzuwa mwa njira yomweyo. Mbande za mu Epulo ndi za mu Julayi zomwe zisungidwe m'machubu mpaka Okutobala atadutsa, ndipo ziokeredwe mvula ikakhazikika mu Disembala, madzulo kapena tsiku la mitambo.

Rozi amafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi pa tsiku. Dzenje likhale la masentimita 50 kuya ndi 50 m'lifupi, dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa owola bwino, ndipo mitengo italikirane masentimita 60 mpaka mita imodzi kuti mphepo izidutsa. Chubu ching'ambidwe mosamala kuti dothi lisayoyoke ku mizu. Udzu wouma uyalidwe mozungulira, koma usakhudze tsinde kuopa chiswe. Madzi athiridwe patsinde osati pamasamba, chifukwa masamba onyowa ndiwo amagwidwa matenda a mawanga akuda, omwe amavuta kwambiri m'dzinja.

Maluwa oyamba akangoonetsa mitu athotholedwe asanamasule. N'zowawa kwa amene wadikira miyezi yambiri, koma mphamvu za kamtengoko zimapita ku mizu ndi nthambi, ndipo chaka chotsatira kamabereka maluwa ochuluka.

Phindu lake

Mtengo womera pa mizu yakeyake umayamba pang'onopang'ono poyerekeza ndi womezanitsa, koma uli ndi ubwino wake: ukathyoka, ukadyedwa ndi mbuzi kapena ukaduliridwa mpaka pansi, mphukira zake zimabereka duwa lomwe lija.

Njirayi sifuna malo aakulu ngati a ku Area 47. Ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Mgona, Area 23 ndi Area 25, komwe ambiri amakhala m'nyumba za lendi ndipo bwalo ndi logawana, rozi amakula bwino m'ndowa ya malita 20 yobooledwa kunsi, ndipo mwini wake amasamuka nayo. Kwa ofuna kupezapo ndalama, mbande zobzalidwa mu Epulo zimakhala zitakula pofika pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, ndipo za mu Julayi zimakumana ndi mvula yoyamba, pomwe anthu ambiri amakonza pakhomo. Mpamba wake ndi mpeni, mchenga, machubu, mabotolo otayidwa ndi mtengo umodzi wathanzi wodulako.