José Mourinho: Womasulira Amene Anasanduka Mphunzitsi wa Mpira Wochuka

José Mourinho ndi mphunzitsi wa mpira wa miyendo wocokera ku dziko la Portugal. Iwo anabadwira mu mzinda wa Setúbal pa 26 January 1963. Pofika m'caka ca 2025 anali ataphunzitsa matimu 10 m'maiko 5, anali atatenga ligi maulendo 8 ku Portugal, ku Mangalande, ku Italy ndi ku Spain, ndiponso anali atanyamula cikho cacikulu ca matimu a ku Ulaya, ca Champions League, kawiri.

Cimene cimadabwitsa anthu pa mbiri ya a Mourinho ndi cakuti iwo sanasewereko mpira wapamwamba. Khomo limene analowera m'matimu akuluakulu linali la cinenero, popeza kumeneko anayamba monga womasulira wa mphunzitsi wina. Cinanso codziwika pa nchito yao ndi ici: m'matimu ambiri amene anapitako anali kubweretsa zikho mofulumira, koma palibe timu imene anakhalako kufikira kutha kwa caka cacinai. Kawirikawiri anali kucoka mkangano uli mkati.

Ubwana ndi maphunziro

Atate ao, a Félix Mourinho, anali golikipa wa matimu a Vitória de Setúbal ndi Belenenses, ndipo anasewerako kamodzi timu ya dziko la Portugal asanakhale mphunzitsi. Mwana wao anayesa kutsata mapazi ao, nasewera m'matimu monga Rio Ave ndi Sesimbra, koma anazindikira msanga kuti miyendo yake sidzamufikitsa patali. Luso lake linaonekera kwina. Ali mnyamata, atate ake anali kumutuma kukaonerera matimu amene adzakumana nao, iye nkulemba mphamvu ndi zofooka za aliyense. Anasiya kusewera ali ndi zaka za m'ma 20, naphunzira sayansi ya zamasewera ku Lisbon, ndipo kwa kanthawi anali kuphunzitsa ana a sukulu masewera olimbitsa thupi.

Mwayi unabwera m'caka ca 1992 pamene a Bobby Robson, amene kale anali mphunzitsi wa timu ya dziko la England, analembedwa nchito ku Sporting ya ku Lisbon. A Robson sanali kudziwa Cipwitikizi, motero anafunika munthu wowamasulira. A Mourinho ndiwo anapatsidwa nchitoyo. Sipanapite nthawi, a Robson anaona kuti womasulira wao anali kuuwerenga mpira kuposa aphunzitsi ambiri, ndipo anamutenga pamene anasamukira ku Porto mu 1994, ndi ku Barcelona mu 1996. A Robson atasiya kuphunzitsa Barcelona, a Louis van Gaal a ku Netherlands, amene analowa m'malo mwao, anawasunga a Mourinho monga wothandizira kufikira caka ca 2000. Ku Barcelona dzina lakuti womasulira linawamamatira, ndipo zaka zambiri pambuyo pake ocemerera a timuyo anali kulichulabe pofuna kuwanyoza.

Nchito yao yoyamba monga mphunzitsi wamkulu inali ku Benfica mu September 2000. Anangotsogolera masewera 9 a ligi. Pulezidenti watsopano wa timuyo atakana kuwaonjezera pangano, iwo anatula pansi udindo mu December, atangogonjetsa Sporting 3-0. Anapita ku timu yaing'ono ya União de Leiria, kumene anacita bwino kotero kuti Porto inawaitana mu January 2002.

Porto ndi Chelsea

Ku Porto ndi kumene dziko linawadziwira. Mu 2003 timuyo inatenga ligi, cikho ca dziko ndi UEFA Cup, itagonjetsa Celtic 3-2 ku Seville. Caka cotsatira inacita cimene ambiri sanali kuyembekezera kwa timu yosalemera ngati za ku Spain ndi Mangalande. Inacotsa Manchester United mu Champions League: pa masewera oyamba Benni McCarthy wa ku South Africa anamwetsa zigoli ziwiri Porto nipambana 2-1, ndipo pa acibwereza ku Old Trafford, Costinha anamwetsa ca kumapeto cimene cinathamangitsa a Mourinho m'mphepete mwa bwalo ndi cisangalalo. Pa 26 May 2004 Porto inagonjetsa Monaco 3-0 mu fainolo.

Mwezi wotsatira a Roman Abramovich, mwini cuma wa ku Russia amene anali atagula Chelsea, anawatengera ku London. Pa msonkhano wao woyamba ndi atolankhani anadzichula kuti ndi munthu wapadera popeza anali ngwazi ya ku Ulaya, ndipo manyuzipepala anawapatsa dzina lakuti The Special One. Ambiri anati ndi matama, koma zotsatira zinawaikira umboni. M'nyengo ya 2004-05 Chelsea inatenga ligi koyamba m'zaka 50, ndi mapointi 95, itagonja kamodzi kokha ndi kumwetsedwa zigoli 15 cabe pa masewera 38. Inatenganso ligi mu 2006 ndi FA Cup mu 2007.

Ku Africa dzina la a Mourinho linafala kwambiri nthawi imeneyi, cifukwa msana wa timu yao unali wa osewera a kuno. Didier Drogba wa ku Ivory Coast anagulidwa mu 2004, Michael Essien wa ku Ghana mu 2005, ndipo John Obi Mikel wa ku Nigeria ndi Salomon Kalou anabwera mu 2006. Drogba ndiye anamwetsa cigoli cimene cinapatsa Chelsea FA Cup ya 2007 pa bwalo latsopano la Wembley. Ngakhale zinali tero, ubale wa mphunzitsi ndi mwini timu unazilala, ndipo mu September 2007 a Mourinho anacoka.

Njira yao ya kaseweredwe njosabvuta kuifotokoza, ngakhale kuicita nkobvuta. Timu iyambe yatseka njira zonse za kugolo kwake, ilekerere adani akhale ndi mpira, ndipo akangolakwitsa iwathamangire mwadzidzidzi. Otsutsa amati kumeneku ndi kuimika basi pagolo. Coseketsa ncakuti mau amenewa anawafalitsa ku Mangalande ndi a Mourinho eni ake mu September 2004, podandaula kuti Tottenham inabwera kudzachinga cabe pa masewera amene anatha 0-0. Umboni wa kulimba kwa njirayi ndi wakuti kuyambira February 2002 mpaka April 2011, matimu ao sanagonje pakhomo pa masewera 150 a ligi otsatizana.

Inter Milan ndi Real Madrid

Mu 2008 anapita ku Inter Milan, kumene anatenga ligi ya Italy kawiri. Caka ca 2010 ndico cimake ca nchito yao yonse. Mu semifainolo ya Champions League anakumana ndi Barcelona ya a Pep Guardiola, imene panthawiyo inali kuonedwa monga timu yoposa zonse pa dziko. Inter inapambana 3-1 ku Milan. Pa masewera acibwereza Thiago Motta anapatsidwa khadi lofiira theka la ola lisanakwane, ndipo osewera 10 otsalawo anachinga kwa nthawi yoposa ola lathunthu. Samuel Eto'o wa ku Cameroon, katswiri womwetsa zigoli, anabvomera kubwerera kumbuyo ndi kuthandiza ochinga. Inter inagonja 1-0 koma inapitirira, ndipo pa 22 May inagonjetsa 2-0 Bayern Munich ya a Van Gaal, bwana wao wakale uja. Inter inakhala timu yoyamba ya ku Italy kutenga ligi, cikho ca dziko ndi Champions League m'nyengo imodzi. Ndi timu yomweyi imene mu December 2010, a Mourinho atacoka kale, inagonjetsa TP Mazembe ya ku Lubumbashi 3-0 mu fainolo ya cikho ca makalabu a dziko lonse, Mazembe ili ndi osewera a ku Zambia monga Given Singuluma.

Real Madrid inawalemba nchito mu 2010 ndi colinga cimodzi, cothetsa ulamuliro wa Barcelona. Ciyambi cinali cowawa, popeza anakwapulidwa 5-0 ku Camp Nou mu November. Anabwezera mwa kutenga Copa del Rey mu 2011 ndi ligi ya 2011-12 ndi mapointi 100 ndi zigoli 121. Koma zaka za ku Madrid zinaonetsanso mbali ina ya munthuyu. Mu August 2011 anatosa cala m'diso la a Tito Vilanova, wothandizira mphunzitsi wa Barcelona, makamera akuona. Anayambana ndi Iker Casillas, kaputeni wokondedwa wa timuyo, namukhazika pabenci. Katatu kotsatizana Real inathera mu semifainolo ya Champions League, ndipo mu 2013 anasiyana.

Zaka za mabvuto

Anabwerera ku Chelsea natenganso ligi mu 2015. Kufikira caka ca 2025, imeneyo ndiyo inali ligi yao yothera. Miyezi 7 cabe pambuyo pake, mu December 2015, anacotsedwa nchito timu itagonja masewera 9 mwa 16 oyamba. Nthawi yomweyi ndi imene otsutsa amaikumbukira akafuna kunena kuti a Mourinho sadekha ndi acinyamata: Kevin De Bruyne ndi Romelu Lukaku anagulitsidwa mu 2014, ndipo Mohamed Salah wa ku Egypt sanapatsidwe mpata wokwanira wosewera. Onse atatu anadzachuka kwina.

Ku Manchester United, kuyambira 2016, anatenga League Cup ndi Europa League mu 2017, nakhala aciwiri mu ligi ya 2018, koma Manchester City ya a Guardiola inawasiya ndi mapointi 19. Anacotsedwa mu December 2018. Tottenham inawalemba mu November 2019 ndi kuwacotsa mu April 2021, kutatsala masiku 6 kuti timu isewere fainolo ya League Cup. Kuyambira pamene anafika ku Porto, aka kanali koyamba kucoka pa timu opanda cikho ciliconse.

Pa zaka zimenezi mpira unali utasintha. Matimu opambana anali aja okanikiza adani kutsogolo ndi kusunga mpira, monga a Guardiola ndi a Jürgen Klopp, ndipo osewera a mbadwo watsopano sanali kulandira kudzudzulidwa pagulu monga mmene anali kucitira anzao a Drogba. Komabe kunena kuti a Mourinho anatheratu kungakhale kupitirira malire. Ku Roma anatenga Conference League mu 2022, atagonjetsa Feyenoord 1-0 ku Tirana, ndipo anakhala mphunzitsi woyamba kutenga zikho zonse zitatu za UEFA za makalabu zimene zinali kuseweredwa panthawiyo. Analira misozi pabwalo usiku umenewo. Caka cotsatira Roma inagonja kwa Sevilla pa mapenoti mu fainolo ya Europa League, ndipo iwo analetsedwa masewera 4 cifukwa ca kunyoza woimbira mpira, a Anthony Taylor, poimika magalimoto. Roma inawacotsa mu January 2024.

Mu June 2024 anapita ku Fenerbahçe ya ku Turkey, kumene anathera paciwiri mu ligi kumbuyo kwa Galatasaray. Anacotsedwa mu August 2025 timuyo italephera kulowa mu Champions League, ndipo imene inawatsekera njira inali Benfica. Patangopita milungu itatu, Benfica yomweyo inawalemba nchito, zaka 25 kucokera pamene inawapatsa mpando wa mphunzitsi wamkulu kwa nthawi yoyamba.