Chigayo chakale cha m'chigwa cha Don

Loweruka lapitali ndinatsetsereka ndi msewu wa Pottery Road kuno ku Toronto, kukaona kamyuziyamu ka Todmorden Mills, m'chigwa cha mtsinje wa Don womwe umakathira m'nyanja ya Ontario. Ndi kamalo kochepa zedi: nyumba ziwiri zamakedzana, nyumba yofululiramo mowa ndi fakitale yakale ya mapepala, basi.

Mbiri yake ikuyambira m'zaka za m'ma 1790, pamene a banja la Skinner anamangapo makina ochekera matabwa ndi chigayo choyendera madzi. Kenaka kunafika mabanja a Helliwell ndi Eastwood ochokera ku England. Dzina loti Todmorden ndi la tauni ya kwawo. Anabwera nalo monga mmene ife timabwerera ndi ufa m'sutikesi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamalopa ankasungirapo akaidi a ku Germany.

Koma chomwe chinandikhudza n'chakuti mtsinje womwe unkayendetsa chigayocho sudutsanso pomwe unkadutsa. Anaupatutsa pomanga msewu waukulu wa Don Valley Parkway. Ngakhale dzina loti Don anachita kulipereka ndi Bwanamkubwa Simcoe mu 1793. Eni nthaka, a Mississauga, anali ndi dzina lawolawo.

Malowa anapulumuka chifukwa anthu a ku East York anawasandutsa myuziyamu mu 1967. Ndiye ndikufunseni, abale anga: chigayo choyamba cha kwanu anamanga ndani? Agogo odziwa zimenezi akadalipo? Aimbireni foni sabata ino, muwafunse, mulembe.