Moto wa Gehena: mkangano wa zaka 1,800

Pa maliro, kaya mlaliki ndi wa mpingo uti, nkhani ya chiweruzo chomaliza siisowa. Pamenepa Akhristu ambiri sasiyana maganizo. Chikhulupiriro cha ku Nicaea, chomwe chinakonzedwa mu 325 n'kuwonjezeredwa mu 381, chimaphunzitsa kuti Khristu adzabweranso kudzaweruza anthu onse, koma sichitchula moto ngakhale kamodzi. Chimene chidzawachitikire oipa akaweruzidwa ndicho anthu akhala akukanganirana kuyambira kalekale, ndipo atatu amene anazika mizati ya mkanganowu anali a kumpoto kwa Africa.

Gehena poyamba anali malo oti munthu n'kupondapo: chigwa cha Hinomu, kumwera kwa Yerusalemu. Mafumu Ahazi ndi Manase anawotcherako ana awo ngati nsembe, Mfumu Yosiya anaipitsa malowo kuti mwambowo uthe, ndipo Yeremiya ananenera kuti chigwacho chidzadzaza mitembo. Pofika nthawi ya Yesu, dzina lake linali litayamba kutanthauza chilango cha Mulungu. Alaliki amakonda kunena kuti kumeneko kunali dzala la mzinda loyaka usana ndi usiku, koma nkhaniyi imapezeka koyamba m'zolemba za rabi David Kimhi cha m'ma 1200, ndipo ofukula zakale sanapeze umboni wake.

Woyamba mwa atatu aja ndi Origen wa ku Alexandria, amene anamwalira cha m'ma 253. Iye ankati moto wa Mulungu uli ngati wa wosula zitsulo: umachotsa dzimbiri, chitsulo n'kutsala, choncho pamapeto pake zolengedwa zonse zidzabwerera kwa Mlengi. Wachiwiri ndi Arnobius wa ku Sicca, m'dziko la Tunisia lero, amene cha m'ma 300 analemba kuti mzimu pawokha si wosafa, ndipo oipa adzazunzika kenako n'kutheratu. Wachitatu, amene mawu ake anapambana, ndi Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda womwe lero ndi Annaba ku Algeria. M'buku lake lonena za mzinda wa Mulungu, lomwe analimaliza mu 426, anatsamira pa Mateyu 25, fanizo la nkhosa ndi mbuzi. Mfundo yake inali yakuthwa: Yesu anapatsa chilango ndi moyo muyeso umodzi, ndiye ngati chilango chili ndi mathero, moyo wa opulumuka nawonso uli ndi mathero. Mu 543, mu ulamuliro wa Mfumu Justinian, msonkhano wa ku Constantinople unatsutsa chiphunzitso cha Origen. Komabe Gregory wa ku Nyssa, amene ankaganiza mofanana naye pa nkhaniyi, mpaka lero amalemekezedwa ngati woyera mtima.

Zithunzi zambiri zomwe anthu ali nazo m'mutu zinachokera kunja kwa Baibulo. Buku lotchedwa Chivumbulutso cha Petro, lolembedwa m'zaka za m'ma 100 koma losalandiridwa m'Malemba, limaonetsa onyoza Mulungu atapachikidwa ndi malilime awo. Dante, wolemba ndakatulo wa ku Italy amene anamwalira mu 1321, anagawa Gehena m'magawo asanu ndi anayi, ndipo pansi penipeni anaikapo madzi oundana, osati moto. Ndi luso lalikulu, koma luso si lemba.

Wina anganene kuti zonsezi n'kungopota nkhani, popeza Akatolika, a Orthodox ndi Apulotesitanti ambiri akhala akuphunzitsa chilango chosatha kwa zaka mazanamazana. N'zoona, ndipo mfundo ya Augustine siyankhika mwachibwana. Koma kuchuluka kwa anthu sikunatseke mlanduwu. Otsutsa amafunsa chifukwa chimene Paulo anatchula imfa ngati malipiro a uchimo, ndi chifukwa chimene Yesu anakamba za kuwonongeka kwa mzimu ndi thupi. Maganizo a Arnobius anadzukanso mwamphamvu ku America m'zaka za m'ma 1800, ndipo kuno ku Malawi anafika ndi a Seventh-day Adventist, omwe anakhazikika ku Malamulo mu 1902, komanso ndi ulaliki wa Watch Tower wa Elliot Kamwana pakati pa Atonga kuyambira mu 1908. Sitingati ndi za timagulu tokha: mu 1988 John Stott, mlaliki wotchuka wa Anglican ku London, anavomera poyera kuti akupendekera komweko, ndipo anzake ambiri anamukwiyira.

Ngakhale mbali ya Augustine yasintha kalankhulidwe. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa 1992 amatsimikiza kuti Gehena alipo ndipo satha, koma amati chilango chachikulu ndi kulekanitsidwa ndi Mulungu kwamuyaya. Mpingo womwewo walengeza anthu masauzande kuti ndi oyera mtima, koma sunalengezepo mwalamulo dzina la munthu ndi mmodzi yemwe kuti ali ku Gehena.