Hank O'Day, Wosewera Amene Anasanduka Woweruza

Inu amene mumapita ku Matero Stadium kukapenyerera mpira wa miyendo, mudziwa mau amene refa amalandira akagamula mosakomera timu ya pakhomo. Lero tikusimbirani za munthu amene anapirira mau otere m'masewera ena a ku America ochedwa baseball. M'masewerawa munthu amamenya mpira ndi ndodo, nathamanga kuponda malo anai motsatizana kuti apate cigoli.

Munthuyo ndiye Hank O'Day, mbadwa ya ku Chicago. Paunyamata wace anali woponya mpira, ndipo mu 1889 anathandiza timu ya New York Giants kutenga cikho. Atasiya kusewera analowa nchito yoweruza, nakhala mmodzi wa oweruza awiri pa World Series yoyamba mu 1903.

Tsiku lomuyesa linali 23 September 1908. Giants, timu yace yakale ija, inali kulimbana ndi Chicago Cubs pakhomo pao ku New York, zigoli zili 1-1, masewera ali pafupi kutha. Al Bridwell anamenya mpira, mnzace nafika pa malo acinai, khamu nilikhamukira m'bwalo ndi cimwemwe. Koma Fred Merkle, mnyamata wa zaka 19, amene anali pa malo oyamba, sanakaponde aciwiri. Anangotembenuka kupita kokabvula. Ambiri anali kucita cimodzimodzi masiku amenewo, oweruza nangoyang'ana kumbali. Komatu lamulo linali lakuti popanda kupondapo, cigolico sicingawerengedwe. Johnny Evers wa Cubs anapeza mpira pakati pa cipwirikitico naponda malowo, ndipo O'Day anakana cigoli.

Taganizani, abale: munthu wobadwira ku Chicago kulanda anthu a ku New York cipambano pa bwalo lao lomwe! Akuluakulu a ligi anaima naye. Matimu awiriwo atatsiriza caka ali ofanana, masewerawo anabwerezedwa pa 8 October, Cubs niipambana 4-2. Merkle, wosauka, anasenza citonzo ca tsikulo moyo wace wonse, ngakhale kuti anasewerabe bwino zaka zambiri.

O'Day anaweruza kufikira 1927, naimirira pa World Series khumi. Anamwalira mu 1935, ndipo dzina lace linalowa m'nyumba ya ngwazi za baseball ku Cooperstown mu 2013, patapita zaka 78.