Kupotokola kwa m'mimba mwa kavalo ndi bulu

Vutoli limadza matumbo akatsekeka, akadzaza mpweya kapena akapotana. Nyamazi sizisanza, motero zikafika poipa chifu chimatha kuphulika. Kavalo amapalasa pansi, kucheukira kunthiti ndi kugubuduka. Bulu amabisa ululu: amangoti zyoli, makutu atagwa, osakhudza msipu.

Kumalo otentha a Neno, monga Lisungwi, choopsa m'chilimwe ndi mapesi ouma popanda madzi okwanira, komanso majumbo otayidwa m'misika. Zizindikiro za vutoli zikaoneka, mwini achotse chakudya ndi kuitana mlangizi wa ziweto msanga. Kumwetsa mafuta mokakamiza n'kulakwa, chifukwa amatha kulowera m'mapapo. Dokotala wa ziweto amabaya jakisoni wothetsa ululu, kenaka amalowetsa paipi m'mphuno mpaka m'chifu. Matumbo opotana amafuna opaleshoni, ntchito ya zipatala zazikulu ngati Onderstepoort ku Pretoria.